Filimu ya Ana a Kunyanja: Kujambula Kanema ndi Thumba Lopepuka

Tsiku lina la Sabata m'mwezi wa Meyi chaka chatha, titatuluka m'mapemphero, anyamata atatu ndi atsikana awiri a mumpingo mwathu kuno ku Lifuwu adapempha kuti aonane ndi akulu a mpingo. Ife tidayesa kuti ndi nkhani ya kwaya kapena ya ulendo wa kumsonkhano wa achinyamata, pakuti zimene ana athu amabwera nazo kawirikawiri ndi zomwezo. Koma wamkulu wao, mnyamata amene ndidamphunzitsa ndekha m'Sitandade 6, adaimirira manja ali kumbuyo nati, "Makolo athu, ife tili ndi maganizo ojambula filimu. Tikupempha kuti mutilole tigwiritse ntchito bwalo la tchalitchi ndi mabenchi awiri, ndiponso kuti mutipatse munthu wamkulu wotiyang'anira."

M'chipindamo mudati zii. Kenaka mkulu wina adafunsa funso limene tonse tinali nalo mumtima: "Kodi ana inu mukudziwa kuti filimu amapanga ndi anthu achuma? Inu ndalama zake muzitenga kuti?" Mnyamatayo adapisa m'thumba natulutsa foni yosweka galasi pangodya, ndipo ena mwa ife tidaseka. Koma bambo wina wachikulire, amene ali ndi mabwato awiri padoko pathu, sadaseke konse. Iye adati kanema ndiye waononga ana a kunyanja kuno kuposa mowa, ndipo kuti mpingo wa Mulungu sungabwereketse mabenchi ake ku ntchito yotere.

Tidakambirana kufikira dzuwa litapendeka. Pomaliza tidagwirizana kuti anawo ayese, koma mkulu mmodzi aziyenda nao, ndipo pokhala ine mphunzitsi, katunduyo adasenzetsa ine. Zimene ndidaphunzira m'miyezi inai yotsatira ndizo ndafuna kugawana ndi makolo anzanga pamodzi ndi achinyamata a m'Sinodi yathu, pakuti ndikudziwa kuti pempho longa ili lidzafika kumipingo yambiri, ngati silinafike kale.

Ife amene tidabadwa m'zaka za m'ma 1970 tidayamba kuona kanema pabwalo la sukulu. Galimoto ya boma ya nthambi yofalitsa nkhani inkafika chakumadzulo, chimkuzamau chili padenga, ndipo mudzi wonse unkadya msanga tsiku limenelo. Ankapachika chinsalu choyera, kuliza jenereta, ndi kutionetsa za kalimidwe kamakono, za ukhondo, ndi za maulendo a mtsogoleri wa dziko. Azigogo athu amene adayendako ku Joni ndi ku Halale ankati imeneyo ndi bayisikopo. Ana tinkathamangira kuseri kwa chinsalu kukafuna anthu amene amayankhulawo, osawapeza.

Kudabwa kotere si kwa ife tokha ai. Mu 1854, Dr. David Livingstone ali paulendo wopita ku Luanda adafika kwa Mfumu Shinde ya Alunda, ndipo adaonetsa anthu zithunzi za m'Baibulo zowalitsidwa ndi nyali. Chithunzi choyamba chinali cha Abrahamu atakweza mpeni pa mwana wake Isake. Pamene ankachisuntha kuti aike china, amai amene adakhala patsogolo adaona ngati mpeniwo ukubwera kwa iwo, ndipo adathawa chipiringu. Ndimakonda nkhani imeneyi chifukwa ikutikumbutsa kuti chithunzi chowala mumdima chili ndi mphamvu pa mtima wa munthu, ndiponso kuti onyamula Uthenga Wabwino sadaope kuchigwiritsa ntchito. Ambiri a ife tidaoneranso filimu ya moyo wa Yesu, imene idapangidwa mu 1979 ndipo pambuyo pake idaikidwa mau a Chichewa. Ndani sakumbuka amai akulira mokweza pa nthawi ya kupachikidwa?

Komabe pa zaka zonsezo kamera inali m'manja mwa ena. Kuyambira 1948 kufikira 1963 bungwe la Central African Film Unit, limene likulu lake linali ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, linkapanga mafilimu ophunzitsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Makolo athu ankachitamo sewero, ndipo ankaonera, koma olamula nkhaniyo anali azungu. Titalandira ufulu, dziko lathu lidakhala lopanda wailesi ya kanema kufikira 1999. Luso la zisudzo tinali nalo ndithu. Tinkamvera Kapalepale ndi Pamajiga pawailesi, tinkaseka ndi Izeki ndi Jakobo, ndipo a m'tauni ankadzaza maholo kukaona masewero a Du Chisiza Jr. Chimene chinkasowa ndi zipangizo, pakuti kamera ya masiku amenewo pamodzi ndi mikwamba yake ya filimu zinkafuna chuma chimene munthu wamba sakadachipeza.

Tsono lero tayang'anani padoko lililonse kuyambira ku Senga Bay kufikira kuno kwathu. Mupeza timanyumba ta bango ndi mapepala apulasitiki, mdima uli bii mkati, phokoso la mfuti likumveka kutali. Mmenemo ndimo mumathera ana athu a sukulu. Amaonera mafilimu a nkhondo ndi a nkhonya ochokera ku America, ku China ndi ku India, amene anyamata ena a m'tauni amawaika mau a Chichewa, naonjezeramo nthabwala zao, zina za izo zosayenera kumveka m'khutu la mwana. Ine monga mphunzitsi ndimadziwa tsiku limene kwafika filimu yatsopano, chifukwa mabenchi a kumbuyo m'kalasi amakhala opanda anthu. Motero mkulu uja amene adatsutsa sankanena zopanda pake. Koma pali chinthu china chimene chimandiwawa koposa phokosolo. Mwana wa ku Lifuwu waona nyumba za ku Lagos, misewu ya ku Mumbai ndi asilikali a ku America, koma sanaonepo pachinsalu mai woyanika usipa pathandala, kapena bambo wopirikitsa mbalame m'munda wa mpunga. Pang'ono ndi pang'ono amayamba kukhulupirira kuti moyo woyenera kuusimba uli kwina, ndipo kuti kwao kuno kulibe nkhani.

Alipo Amalawi amene adakana bodza limeneli, ndipo nkoyenera kuti achinyamata athu adziwe maina ao. Woyamba kumtchula ndi Bambo Charles Shemu Joyah, amene ntchito yao yophunzira ndi yoyeza malo. Iwo sadadikire kuti kampani yaikulu ya kunja iwaitane. Adayambitsa kampani yao yaing'ono yotchedwa FirstDawn Arts, nalemba okha nkhani, natsogolera okha kujambula. Filimu yao yoyamba, Seasons of a Life, imasimba za mtsikana wantchito wa m'nyumba amene bwana wake adampatsa pathupi, mwanayo natengedwa ndi banja la bwanayo, ndipo mtsikanayo ataphunzira adabwerera kudzamenyera mwana wake m'bwalo la milandu. Pofika 2009 filimuyi inali kuonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu ku Zanzibar, ndipo mu 2010 Tapiwa Gwaza, mmodzi wa ochita seweroli, adalandira mphotho ya Africa Movie Academy Awards.

Imene imatikhudza kwambiri ife a kunyanja ndi yachiwiri, The Last Fishing Boat, ya mu 2012, imene idajambulidwa m'mbali mwa nyanja yathu yomwe ino ku Mangochi. Imanena za msodzi, Yusufu, amene kale ankapha nsomba zambiri, koma tsopano nyanja yamuuma. Mwana wake wasiya ukonde nayamba kutsata alendo okaona malo, ndipo mlendo wina wachizungu waika maso pa mkazi wamng'ono wa msodziyo. Ndichenjeze makolo kuti filimu imeneyi ili ndi nkhani za akuluakulu, ndipo si yoonera pamodzi ndi ana aang'ono. Koma ine nditaiona ndidakhala chete nthawi yaitali, chifukwa Yusufu ndimamdziwa. Ndimakumana naye m'mawa uliwonse popita kusukulu, atakhala pamchenga akusoka ukonde umene usiku wathawo sudagwire kanthu. Filimuyi idapata mphotho ya nyimbo zokometsera pa Africa Movie Academy Awards mu 2013. Yachitatu, The Road to Sunrise ya mu 2017, idapambana mu 2018 monga filimu yoposa zonse ya kum'mwera kwa Africa pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Nigeria, ndipo ndiyo yoyamba imene dziko la Malawi lidatumiza ku mpikisano wa Oscar. Mphotho yomweyo ya ku Nigeria adayamba kuilandira ndi Mai Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi filimu yao yotchedwa Lilongwe, chinthu chimene atsikana athu ayenera kuchisunga mumtima.

Ena adzati, nanga filimu ija ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene adapanga magetsi a mphepo? Inde, The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019 idajambulidwa kwathu kuno ndipo nkhani yake ndi yathu, koma chuma chake chidachokera kunja, ndipo woitsogolera, Chiwetel Ejiofor, ndi wa ku Britain. Tiithokoze, chinkana Chichewa cha ena mwa ochita sewerolo chimatiseketsa. Koma si chitsanzo cha zimene ana a thumba lopepuka angachite.

Pofuna kulimbitsa mtima achinyamata athu aja, ndidawasimbira za mwana wa msodzi mnzao wa ku Senegal, Ousmane Sembène, amene adabadwa mu 1923. Iye adagwirapo ntchito yonyamula katundu padoko la Marseille ku France, nayamba kulemba mabuku m'Chifalansa. Koma adaona kuti anthu a kwao, amene ankawalembera, ambiri sankatha kuwerenga mabukuwo. Motero ali ndi zaka pafupifupi 40 adakaphunzira za kanema ku Moscow, ndipo mu 1963 adatulutsa Borom Sarret, kafilimu ka mphindi ngati 20 kosimba tsiku limodzi la munthu woyendetsa ngolo mumzinda wa Dakar. Mulibe nyumba zogumuka kapena magalimoto othamangitsana. Muli munthu wosauka, hatchi yake, ndi anthu amene amakwera ngolo osalipira. Mau adachita kuwaika pambuyo, atatha kujambula. Lero anthu amamutcha tate wa kanema wa mu Africa.

Ndidawauzanso za Isaac Nabwana wa ku Wakaliga, dera la anthu osauka mumzinda wa Kampala ku Uganda, amene kale ankaumba njerwa. Mu 2010 iye adatulutsa Who Killed Captain Alex? ndi ndalama zosapitirira madola 200, mfuti zake zili zosema ndi zowotcherera kuchokera ku zitsulo zotayidwa, ndipo filimuyo yaonedwa ndi anthu miyandamiyanda pa intaneti. Anyamata adakondwa nayo nkhaniyi kuposa ya Sembène, ndipo ndidayenera kuwadzudzula pang'ono. Luntha la Nabwana ndi lotamandika, koma filimu yake ndi ya kuomberana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zomwe zija tili nazo kale m'timanyumba ta padoko.

Chitsanzo cha mpingo chilipo. Mpingo wa Sherwood Baptist mumzinda wa Albany, m'chigawo cha Georgia ku America, udapanga filimu yotchedwa Flywheel mu 2003 ndi madola pafupifupi 20,000, ochita sewero ali Akhristu a mumpingo momwemo. Imasimba za wogulitsa magalimoto wachinyengo amene adalapa nabweza zimene adabera anthu. Mu 2006 adapanga ina, Facing the Giants, ndi madola 100,000, ndipo idabweretsa madola opitirira 10 miliyoni. Kwa ife ndalama zimenezi ndi phiri, koma kwao kumene filimu imodzi imadya mamiliyoni ambirimbiri, ndi kambewu chabe. Komabe ndili ndi mau pa filimu yachiwiriyi. Munthu wa m'nkhaniyo atangopemphera, zonse zimamuyendera: timu yake ipambana, alandira galimoto, ndipo mkazi wake amene sankabala aima. Ife amene taika m'manda Akhristu okhulupirika amene adafa ali osauka tikudziwa kuti Mulungu sadalonjeze zotere kwa aliyense.

Apa ndi pamene padagona mkangano wathu woyamba ndi anawo. Nkhani imene adalemba m'kope la masamu inali ya mnyamata wa Sitandade 7, mwana wa mai wamasiye, amene adasiya sukulu nakhala mlovi pa bwato la usipa chifukwa cha ndalama za msanga. Nkhaniyi inali yoona, pakuti chaka chilichonse ndimataya ana otere m'kalasi mwanga. Koma mathero ake anali awiri, ndipo iwo ankakangana kuti asankhe ati. Anyamata ankafuna kuti mwanayo amire m'nyanja monga chilango. Atsikana ankafuna kuti alape, apemphere, ndipo mlendo wachifundo amtengere ku sukulu ya kutauni pagalimoto. Ndidawafunsa kuti, "Mwa anzanu onse amene adasiya sukulu, ndi angati amene adamira, ndipo ndi angati amene adatengedwa pagalimoto?" Adayang'anana. Tidatsegula Luka 15 ndi kuwerenga fanizo la mwana wolowerera, ndipo ndidawaonetsa kuti Ambuye adasiya nkhaniyo mkulu wake akali panja, osatiuza ngati adalowa m'nyumba. Tidaonanso m'mene mneneri Natani adagwetsera Mfumu Davide ndi kankhani ka mwana wa nkhosa mmodzi pa 2 Samueli 12. Patapita sabata adabwera ndi mathero achitatu. Mnyamatayo abwerera ku sukulu, akhala pansi pakati pa ana aang'ono amene akumseka chifukwa cha msinkhu wake, ndipo kunyumba mai wake aphika ndiwo zamasamba zopanda mchere chifukwa ndalama za kunyanja zaleka. Filimu ithera pomwepo, mnyamatayo atagwira pensulo. Kukonza kumeneku sikudadye ngakhale tambala imodzi, koma ndiko kudapatsa filimuyo msana.

Tidayamba kujambula mu Juni, masiku Oweruka okhaokha, pakuti ndidaneneratu kuti sipadzakhala kujambula pa Sabata kapena pa nthawi ya sukulu. Tsiku loyamba lidatiphunzitsa chinthu chimene sitinkachiyembekeza. Zithunzi zidatuluka zokongola zedi, nyanja ili mbee, phiri la Senga likuoneka patali. Koma titamvetsera, mau a anthu sankamveka konse. Munali mkokomo wa mwera wokhawokha, pakuti miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo nyengo yake. Apa ndidazindikira kuti diso la munthu limakhululukira chithunzi chosaoneka bwino, koma khutu silikhululukira mau osamveka. Tidayesa kukulunga foni ndi sokosi, ndipo zidathandiza pang'ono. Tidayesa kubisa foni yachiwiri m'thumba la malaya a woyankhula kuti izitapa mau pafupi, wina naomba m'manja kamodzi poyamba kuti posanja tidzathe kulumikiza mau ndi chithunzi. Pamene zonsezi zidakanika, tidatsata njira ya Sembène: anawo adakabwereza mau ao m'kalasi madzulo, mazenera otseka, akuyang'ana milomo yao pafoni.

Kuwala sikudatidyere ndalama. Tidapeza kuti dzuwa la masana limadetsa nkhope ndi kubisa maso, koma la m'mamawa ndi la chakumadzulo limakometsa munthu. Pofuna kuwalitsa nkhope ya amene wakhala pamthunzi, mtsikana wina ankagwira chinsalu choyera cha patebulo kuti chibweze kuwala. Foni tidaimanga ndi mphira pa nsungwi zitatu kuti isagwedezeke. Bvuto lalikulu linali batire, limene linkatha sewero lili pakati, ndipo wina ankathamanga nalo kukatchajitsa pa sola kugolosale ife tikudikira pamchenga.

Tsiku lachitatu tidalakwa, ndipo kulakwako kunali kwanga, pakuti wamkulu ndinali ine. Tikujambula padoko, kamera idatenga bambo wina wokalamba, mnansi wathu wa Chisilamu, akusoka ukonde wake. Iye adaimirira nafunsa mofatsa koma mwaukali, "Aphunzitsi, kodi mwandipempha? Kapena mwandiona ngati mtengo?" Ndidachita manyazi kwambiri. Tidafafaniza chithunzicho iye akuona, ndipo madzulo ake ndidapita kwa a mfumu kukafotokoza ntchito yathu, chinthu chimene ndikadayenera kuyamba nacho. M'mawa mwake ndidapita kunyumba kwa bamboyo kukapepesa. Atamva nkhani ya filimuyo adakhala chete, kenaka adati mdzukulu wake nayenso adasiya sukulu chaka chomwecho. Adapempha kuti timwerengere zimene tidalemba, ndipo adaseka pomva m'mene anawo adafotokozera usodzi wa usiku. Iye ndiye adatiphunzitsa kuti usipa suphedwa mwezi ukuwala, kuti kabwato ka nyali ndiko kamakopa nsomba ndipo alovi amazinga ndi chilimira pambuyo, ndiponso kuti mwana wongoyamba kumene sapatsidwa chingwe koma chitini chokapira madzi. Ana obadwira pagombe pomwepa sankazidziwa bwino zimenezi, ndipo ine mphunzitsi wao sindinkazidziwanso.

Panali zinthu ziwiri zimene ndidakaniratu. Anyamata ankafuna kupalasa bwato kupita pakati pa nyanja mwera ukuomba, kuti ajambule namondwe weniweni. Ndidawauza kuti palibe chithunzi chimene chingalipire moyo wa mwana wa munthu. Namondwe wathu tidamjambula kutada pang'ono, bwato lili m'madzi ofika m'mawondo, awiri akuligwedeza, ena akuthira madzi ndi ndowa, kamera ili pafupi ndi nkhope ya mnyamatayo kuti gombe lisaoneke. Oonera ambiri mpaka lero amakhulupirira kuti tidapita kutali.

Chachiwiri chinali chokhudza mtsikana amene ankachita mbali ya mlongo wake wa mnyamatayo, amene m'nkhaniyo wogula nsomba wina amamnyengerera ndi ndalama. Kumudzi anthu sasiyanitsa msanga sewero ndi moyo, ndipo dzina la mtsikana likaipa silichapika ndi sopo. Tidapita kwa makolo ake ine ndi mai mmodzi wa Chigwirizano, tidawawerengera mbali yonse, ndipo adavomera pokhapokha maiyo azikhalapo nthawi zonse pojambula. Tidagwirizananso kuti choipacho chisaonetsedwe. Kamera idangoonetsa dzanja lopereka ndalama, ndi mtsikanayo akuyang'ana beseni lake lopanda nsomba. Amai amene adaonera adamvetsa zonse popanda kuuzidwa.

Kusanja zithunzi kudatenga nthawi yaitali kuposa kujambula. Tidabwereka kompyuta ya m'manja kwa mphunzitsi mnzanga wa ku sekondale, ndipo mnyamata wamkulu uja adaphunzira yekha kudula ndi kulumikiza. Tsiku lina, pofuna kupeza malo pa memori khadi, adafafaniza mosadziwa ntchito ya Loweruka lathunthu, ndipo adalira ngati mwana. Tidabwereza. Kuyambira pamenepo chilichonse tinkachisunga pawiri. Pa za nyimbo, anawo ankafuna kungotenga za oimba otchuka, koma ndidawakumbutsa kuti nyimbo ili ndi mwini wake, kuti bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze eni luso, ndipo kuti lamulo latsopano la zimenezi lidakhazikitsidwa mu 2016. Kwaya yathu idapeka nyimbo yakeyake, ndipo mnyamata wina adaimba gitala ya chigubu. Ndikulangizanso amene angafune kuonetsa filimu yao kunja kwa mpingo, kapena kulipiritsa pakhomo, kuti ayambe afunsa ku boma za chilolezo, pakuti kuyambira 1968 dziko lathu lidaika lamulo loyang'anira zoonetsa pagulu.

Titawerengera zonse, filimu yathu ya mphindi 25 idadya ndalama zosakwana mtengo wa mbuzi ziwiri, ndipo zambiri zidapita ku chakudya cha ochita sewero, kutchajitsa mafoni ndi kukwera kabaza. Koma pano ndiyenera kunena zoona kwa achinyamata. Kutchipa kumeneku nkonyenga, chifukwa palibe amene adalipidwa. Anthu khumi ndi awiri adapereka masiku ao Oweruka kwa miyezi itatu, amai adaphika, mwini bwato adabwereketsa bwato lake. Zikadakhala kuti onsewa tidawalipira monga ayenera antchito, mbuzi ziwirizo zikadasanduka ng'ombe zingapo. Ndipo pobweza sipadabwere kanthu. Pasanathe sabata ziwiri chionetsereni, mphwanga adaipeza filimu yathu ku Salima m'kanyumba kobena nyimbo, akuikopera anthu pa mamemori khadi ndi kulandira ndalama, ife eni ake osadziwa. Opanga mafilimu a m'dziko muno akhala akudandaula za kuba kotereku kwa zaka zambiri. Ife Akhristu amene timagula zobenedwazi tidzifunse ngati lamulo lachisanu ndi chitatu lili ndi mpata wopatula nyimbo ndi mafilimu. Ndipo mwana amene angaganize zosiya sukulu kuti akhale wopanga mafilimu akumbuke kuti Bambo Joyah adayamba aphunzira ntchito yoyeza malo.

Tidaonetsa filimuyo Lachisanu lina madzulo m'mwezi wa Seputembala, pakhoma la tchalitchi, ndi pulojekita yobwereka. Anthu adadzaza bwalo lonse, Akhristu ndi Asilamu omwe, ena atakwera mumtengo. Poyamba kunali kuseka kokhakokha, aliyense akuloza nyumba yake, mbuzi yake, mwana wake. Koma pamene mai wamasiye uja adaika mbale ya masamba patsogolo pa ana ake, bwalo lidati chete, ndipo ndidamva mai wina kumbuyo kwanga akufwenthera m'chitenje. Filimuyo ili ndi zolakwa zambiri. Pena milomo imatsogola mau, pena mnyamata amalowa m'nyumba atavala malaya ofiira natuluka ndi obiriwira. Palibe amene adadandaula nazo. Msodzi wokalamba uja adakhala kutsogolo pa limodzi la mabenchi awiri aja, mdzukulu wake ali pambali. Lolemba lotsatira mdzukuluyo sadabwere ku sukulu, ndipo kufikira lero akali kunyanja. Adabwera ndi ana ena awiri amene ndinali nditawafafaniza kale m'kaundula. Mmodzi adakhala sabata zitatu nabwereranso ku chilimira, winayo akali m'kalasi.

Mwezi wathawu achinyamata aja abweranso ku msonkhano wa akulu ndi kope lina. Tsopano akufuna kusimba za chaka cha 2024, pamene nyanja idakwera nilowa m'nyumba ndi m'minda ya anthu a m'mbali mwa gombe, ndipo akupempha mpingo kuti uwathandize kugula kamaikolofoni kakang'ono kokoleka pamalaya. Pempholi lidzakambidwa pa msonkhano wa mwezi wamawa. Mkulu uja wa mabwato awiri wanena kuti maganizo ake pa timanyumba ta padoko sanasinthe, koma bwato lake laling'ono angalibwereketse, pokhapokha ayambe wawerenga yekha kope lonselo.